Mwana wanga buku amaliimba, sawerenga. Ndimuthandize bwanji kunyumba?

Funso

Aphunzitsi, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mchinji ndipo ndimagulitsa tomato ndi masamba pamsika. Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 10, ali mu Sitandade 3 ndipo kalasiyi akubwereza. Akatsegula buku lake la Chichewa amayenda tsamba lonse osapunthwa, koma tsiku lina nditamupatsa foni kuti awerenge uthenga wa amalume ake, wongoti "Tafika bwino", anangoti kakasi. Za m'kope mwake ine sindizimva. Anzanga akuti ndimulipirire pati taimu, komanso kunyumba tizimuyankhula Chingerezi. Bambo ake akuti ndi ulesi chabe, akusowa mkwapulo. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6. Kodi chilipo chomwe ndingachite?

Yankho

Mayi, uthenga wa pafoni uja wakuuzani zoona zomwe lipoti la kusukulu silinakuuzeni. Mwana wanu bukulo sakuliwerenga, analiloweza pamtima. Akaona chithunzi cha pamwamba pa tsamba amakumbukira nkhani yake n'kuyamba kuitchula, chala chikuyenda pansi pa mizere koma maso osagwira kanthu. Mukafuna kutsimikiza, tsegulani tsamba lomwelo, phimbani chithunzicho ndi dzanja, mumulozere mawu amodzi a pakati pa mzere wachitatu. Kapena muuzeni awerenge mzere kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Wodziwa kuwerenga zimenezi sizimuvuta. Woloweza amakakamira, kenaka amabwerera kumayambiriro kwa tsamba kuti nyimbo ija iyambirenso.

Ndaphunzitsa makalasi aang'ono kwa zaka zambiri, ndipo ana otere ndakumana nawo ochuluka. Si aulesi, si mbuli. Mwana wotha kusunga tsamba lathunthu m'mutu ali ndi nzeru zokwanira bwino kuphunzira kuwerenga, kungoti nzeruzo wazigwiritsa ntchito pobisa kuti malembo sakuwadziwa. Vutoli limayambira m'kalasi. Boma litachotsa fizi ya kupulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo chiyambire pamenepo aphunzitsi, zipinda ndi mabuku sizinakwanepo. M'sukulu zambiri, Sitandade 1 ndi 2 mumakhala ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi. Mphunzitsi amawerenga, kalasi yonse n'kubwereza mokweza. Mawu amamveka mpaka kumsewu, koma ana omwe maso awo alidi pa malembo ndi owerengeka. Kafukufuku woyesa luso la kuwerenga la ana a makalasi aang'ono, wotchedwa EGRA, wa mu 2010 anapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi a kankhani ka Chichewa. N'chifukwa chake mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa pulogalamu yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme, ndi mabuku atsopano a Sitandade 1 mpaka 4 okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Njira ya m'mabukuwo ndi yabwino, imayamba ndi maliwu ndi malembo, kenaka maphatikizo, mawu ndi ziganizo. Koma palibe pulogalamu yomwe ingapatse mphunzitsi mmodzi mpata womvetsera ana 100 mmodzimmodzi tsiku ndi tsiku. Mpata umenewo muli nawo ndinu, ndipo pa ntchito imeneyi Sitandade 6 yanuyo ikukwana.

Musanamuphunzitse chilichonse, pezani kaye pomwe anatsalira. Tengani katoni yakale, muing'ambe tizidutswa, ndipo ndi khala kapena cholembera mulembe malembo khumi osatsata ndondomeko: m, a, t, u, k, e, n, o, s, i. Mufunseni kuti lililonse limamveka bwanji. Akadutsa pamenepo mulembereni maphatikizo: ma, tu, ke, no, si. Akatha, mawu afupiafupi omwe sali pa tsamba lomwe analoweza: mutu, sopo, nena, kalata. Pomaliza chiganizo chopeka nokha, monga "Amayi agula tomato kumsika." Pomwe ayambe kudodoma kapena kungolota, imani pomwepo. Mawa lake mudzayambira pamenepo, ngakhale itakhala ntchito ya Sitandade 1. Musamuuze kuti ndi mayeso, ndipo abale ake asakhale pafupi n'kumamuseka. Mnyamata wa zaka 10 akudziwa kale kuti anzake amusiya, manyazi ali nawo okwanira.

Ana ambiri omwe ndimawayesa chonchi amagwa koyambirira komwe, ndipo amagwa mofanana. Ukawaonetsa "e" amati "ii", ukawaonetsa "i" amati "ayi", "a" amati "eyi". Akutchula mayina a malembo a Chingerezi omwe ankaimba ku mkomba phala. Pa Chichewa mayina amenewa amasokoneza kwambiri. Mwana yemwe lembo "e" amalidziwa kuti ndi "ii", mukamuuza alembe "ine" alemba "ene", ndipo n'kutheka kuti zina mwa zomwe simukuzimva m'kope mwake n'zotere. Choncho kunyumba siyani kaye mayinawo, phunzitsani maliwu. Lembo "m" ndi "mmm", milomo yotseka, osati "emu". Lembo "s" ndi "sss", "n" ndi "nnn". Malembo a liwu asanu aja, a, e, i, o, u, m'Chichewa sasinthasintha: "a" wa mu "ana" ndi yemweyo wa mu "nsomba". Chichewa chimalembedwa pafupifupi monga momwe chimatchulidwira, kotero mwana akangogwira maliwu ndi kudziwa kuwalumikiza, atha kuwerenga ngakhale mawu omwe sanawaonepo chibadwire.

Musatsate a, b, c, d. Yambani ndi malembo ochepa opezeka paliponse: a, n, i, k, u, m. Ndi asanu ndi limodzi okhawa mwana atha kuwerenga "ana", "kana", "imani", "ukani", "amuna", ngakhale chiganizo chathunthu, "Ana akumana." Muzionjezera lembo limodzi masiku awiri alionse, kapena mofulumirapo ngati akugwira, pakuti pa msinkhu wakewo ena amawadziwa kale.

Apa ndifike pomwe ndikufuna mukhalitsepo, pa maphatikizo, chifukwa kuwerenga Chichewa kwagona pamenepa. Tolani zitsekerero za mabotolo, pamsika sizisowa, muzitsuke, ndipo m'kati mwa chilichonse mulembe kapena kumata phatikizo limodzi: ka, ma, na, la, ta, mu, tu, ku. Tizidutswa ta katoni nato tigwira ntchito. Khalani naye pamphasa. Ikani "na" kumanzere, "ma" kumanja motalikirana, atchule chilichonse pachokha. Muziyandikitse pang'onopang'ono iye akutchula mofulumirapo mpaka amve yekha kuti wanena "nama". Tsopano zisinthanitseni malo: "mana". Pangani "ka-la-ta", kenaka muchotse "ta" wa kumapeto muike "ma" kutsogolo: "makala". Masewerawa ubwino wake ndi woti sangawaloweze. Zitsekerero zikusuntha nthawi zonse, ndiye akakamizika kuyang'ana. Nthawi zina muzimuikira dala mawu opanda tanthauzo, monga "latu" kapena "tumu", n'kumufunsa ngati mawu otero alipo. Ana amasangalala nazo, ndipo inu mudziwa kuti wawerengadi chifukwa mawuwo sanawamvepo kwina kulikonse. Pakapita masiku mumusiye azipanga yekha mawu, inu muziwerenga.

Mawu athu ndi ataliatali, ndipo ndi omwe amaopsa ana. Muphunzitseni kuwaduladula poomba m'manja asanawaone olembedwa. "Anandiphunzitsa" ndi kuomba kasanu ndi kamodzi: a-na-ndi-phu-nzi-tsa. Onetsetsani pomwe ndadula. Lembo "n" limapita ndi phatikizo lotsatira, phu-nzi-tsa, osati phun-zi-tsa. Pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera pa lembo la liwu, kupatula "m" yemwe amaima payekha m'mawu ngati m-te-ngo ndi m-pa-ndo. Mwana akazindikira zimenezi, mawu aatali sakhalanso oopsa. Akakumana nawo pa tsamba, awaphimbe ndi chala chachikulu, azitsegula phatikizo limodzilimodzi.

Pali malo angapo omwe pafupifupi mwana aliyense amapunthwa, ndipo ndi bwino muwadziwiretu. Oyamba ndi lembo "h" la mu ph, th ndi kh. Kwa mwana, "pala" ndi "phala" amaoneka amodzi, chimodzimodzinso "kola" ndi "khola". Muuzeni aike chikhatho kutsogolo kwa pakamwa atchule onse awiri. Pa "phala" amva kampweya kakuomba m'dzanja, pa "pala" ayi. Kampweya kameneko ndiko "h". Achiwiri ndi ng' wokhala ndi kachizindikiro pamwamba, wa mu ng'ombe, ng'oma ndi ng'ona, yemwe ndi wosiyana ndi ng wa mu ngolo, ngozi ndi ngongole. Kenaka pamabwera mb, nd, nj, nz, ny, ts ndi dz, pomaliza zimphona zija: mph, nth, nkh, ntch, nkhw. Musaziphatikize zonse tsiku limodzi. Sabata ya "nkh" ikhale ya "nkh" basi. Mutumeni azungulire pakhomo kufunafuna zinthu zoyamba ndi liwu limeneli, abwera ndi nkhuni, nkhuku, nkhali, nkhokwe, nkhwangwa. Alembe dzina lililonse pa kakatoni, ndipo pomwe pangatheke akamangirire pa chinthu chenichenicho. Masiku angapo akatha muchotse timakatonito, mutisakanize, akatibwezere m'malo mwake.

Zonsezi zisapitirire mphindi 15 kapena 20 pa tsiku, koma likhale tsiku lililonse. Maola awiri a Lamlungu lokha safanana ndi mphindi 15 za tsiku ndi tsiku, chifukwa pofika Lachitatu mwana amakhala ataiwala. Sankhani nthawi yomwe kukadawala ndiponso mwana atadya. Ngati madzulo mumafika kunyumba kutada, akaweruka azikupezani kumsika. Masana makasitomala akachepa, benchi ya tomatoyo ikwana kuyalapo zitsekerero.

Pakapita masabata angapo muona kuti mawu akuwatha, koma akuyenda pang'onopang'ono kwambiri, mwakuti akafika pa mawu achisanu oyamba aja waiwala. Ukamufunsa zomwe wawerenga sakudziwa. Musataye mtima, mwana aliyense amadutsa pamenepa. Chofunika tsopano ndi kuwerenga mosadodoma, ndipo kumabwera ndi kubwereza. Tengani kankhani ka mizere inayi kapena isanu. Koyamba werengani inu, chala chake chikutsata mawu. Kachiwiri werengani pamodzi. Kachitatu awerenge yekha. Koma popeza wanuyu ndi katswiri woloweza, kankhaniko muzikasintha masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo akamaliza muzimulozera mawu apa ndi apo mosatsata mzere. Kamodzi pa sabata mupatseni ndime yomwe sanaionepo, tcherani mphindi imodzi pafoni, muwerenge mawu omwe watchula molondola, nambalayo muilembe kumapeto kwa kope. Sabata yotsatira azilimbana ndi nambala yakeyo, osati ndi mkulu wake kapena mwana wa aneba.

Mwina mufunsa kuti zowerenga muzitenga kuti. Nyuzipepala za Chichewa monga Boma Lathu, kapena masamba a Tamvani a mu Weekend Nation, ngakhale akalekale omwe anthu amakulungira katundu, ndi othandiza. Timapepala ta kuchipatala, zikwangwani za kuchigayo, mauthenga a pafoni, zonsezo ndi zowerenga. Buku la nyimbo za kutchalitchi ndi labwino, bola musankhe nyimbo yomwe saidziwa, apo ayi ayamba kuimba. National Library Service ili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, ngati ili pafupi mukalembetse. Koma zomwe ine ndimazikonda kuposa zonse ndi nkhani zomwe mwana wanena yekha. Mufunseni za mpira wa dzulo, kapena za tsiku lomwe mbuzi inathawa. Iye azinena, inu muzilemba ndi malembo akuluakulu ooneka bwino, mizere inayi basi. Mawa lake aiwerenge. Mawu ake ndi omwe amawadziwa, nkhani ndi yake, ndipo mukasunga mapepalawo n'kuwasoka ndi ulusi, pakutha pa teremu ali ndi buku lomwe dzina lake lili pachikuto.

Akalakwitsa, musathamangire kumuuza yankho. Apa ndi pomwe makolo ambiri achikondi amaonongera ntchito, mwana amazolowera kuyang'ana nkhope ya mayi m'malo moyang'ana tsamba. Werengani mpaka zisanu chamumtima. Akakhala chete, mulozereni phatikizo loyamba, mufunse kuti, "Ili likuti chiyani?" Akalephera ndithu, mutchulireni, abwereze, mupitirire. Ndipo pomuyamikira muzinena chenicheni chomwe wachita bwino: "Wadula bwino mawu aataliwo," kapena "Unalakwitsa koma wabwerera wekha n'kukonza." Kubwerera yekha kumeneko ndi chizindikiro chachikulu choti wayamba kumvetsera zomwe akuwerenga.

Tsopano za bambo a kunyumba. Ndikudziwa kuti nawonso akufunira mwanayu zabwino, ndipo mwina iwowo anaphunzira ndi mkwapulo pambali. Koma ndikuwapempha ndi ulemu wonse kuti pa nkhani iyi auike pansi. Mwana wamantha amachita chimodzi mwa ziwiri: amalota yankho mofulumira kuti apulumuke, kapena amangotseka pakamwa. Zonse ziwirizi ndi zomwe tikufuna kuthetsa. Kuwerenga kumafuna kuti mwana ayerekeze kutchula, alakwitse, ayeserenso, ndipo sangachite zimenezo akudziwa kuti kulakwitsa kuli ndi ululu. Ndaona anyamata a msinkhu umenewu akuyamba kujomba, kenaka kusiyiratu sukulu, osati chifukwa chodana ndi maphunziro koma chifukwa chotopa ndi kuchititsidwa manyazi. Bambowo apatsidwe ntchito ina. Akakhala kuti achokapo, azitumiza uthenga waufupi wa Chichewa pafoni yanu wopita kwa mnyamatayo, monga "Mwana wanga, mangira mbuzi." Ndipo Lamlungu madzulo akhale pansi mphindi zisanu, mwanayo awawerengere zomwe waphunzira sabata imeneyo. Kwa mnyamata wa zaka 10, kumva bambo ake akunena kuti "wakhoza" si chinthu chaching'ono.

Nkhani ya kope ija. Zomwe ana ambiri amachita kusukulu pokopera za pabolodi si kulemba, ndi kujambula. Amatsanzira maonekedwe a malembo osadziwa kuti akunena chiyani, n'chifukwa chake amadumpha malembo, ena kuwatembenuza, osazindikira. Kulemba kwenikweni ndi kumva mawu, kuwadula m'maphatikizo, n'kupeza malembo ake. Choncho tsiku lililonse, mukatha kuwerenga, muzichita lembetso la mawu asanu ochokera mwa omwe wawerenga. Tchulani mawuwo, iye aombe m'manja, kenaka alembe. Akamaliza adzichonge yekha poyerekeza ndi zitsekerero zija. Kulemba ndi kuwerenga ziziyendera limodzi kuyambira tsiku loyamba, chifukwa mawu omwe mwana walemba ndi dzanja lake sawaiwala msanga.

Ngati akusokoneza "b" ndi "d", musadabwe, oyamba kumene ambiri amatero. Muphunzitseni kuti dzanja liyambire malo osiyana. Polemba "b" ayambe ndi ndodo kuchokera pamwamba, kamimba pambuyo. Polemba "d" ayambe ndi kamimba, ndodo pambuyo. Ayesere pamchenga ndi chala, malembo akuluakulu, akutchula liwu lake, kenaka m'kope. Sabata ino "b" yekha, wa mu bambo ndi buku, "d" wa mu dengu ndi dothi adikire sabata yamawa. Ngati ndi wamanzere musiyeni alembe ndi manzere. Pakati pa mawu aziikapo chala kuti asalumikizane, komanso adziwe kuti "ndikupita" ndi mawu amodzi, osati "ndi ku pita". Za "l" ndi "r" musavutike nazo msanga. Akadzafika poyenera, lamulo lake ndi losavuta: "r" amabwera pambuyo pa "e" kapena "i", monga bwera, lira, mbiri, ndipo kwina konse ndi "l", monga gula, lola, mbale.

Mupatseninso zolemba zomwe zili ndi ntchito yeniyeni. Alembe mndandanda wa zomwe mukukapikula mawa, ndipo mawalo muutengedi, muuwerenge iye akuona. Alembe kakalata kopita kwa agogo ake, wina akapita kumudzi akapereke. Usiku uliwonse alembe chiganizo chimodzi cha zomwe zachitika tsikulo, pakatha mwezi zikhale ziwiri, kenaka zitatu, ndipo chimangirizo chomwe chimavuta ana mu Sitandade 5 chimayambira pamenepa. Pochonga, musatole cholakwa chilichonse. Sankhani mtundu umodzi, monga "h" woiwalika uja, zinazo muzisiye kaye. Tsamba lodzaza ndi zokhwatcha limaphunzitsa mwana kuti kulemba pang'ono ndiko kupulumuka.

Nthano zisasowe pakhomo. "Padangokhala" ndi "Tilitonse" zimaphunzitsa mwana kutsata nkhani kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, kudziwa mawu atsopano, ndi kuganizira chomwe chichitike kutsogolo, zomwe ndi zofunika pa kumvetsa nkhani yolembedwa. Nthano ikatha muzimufunsa kuti kalulu anachita zimenezo chifukwa chiyani, nanga akanakhala iye akanatani, kenaka mawa aifotokoze yekha kwa mng'ono wake. Ntchito iyi ngakhale agogo omwe sanapiteko kusukulu aitha bwino kuposa ife aphunzitsi. Powerenganso chitani chimodzimodzi, akamaliza ndime atseke buku akuuzeni m'mawu ake zomwe wamva.

Za Chingerezi, anzanuwo ali ndi mfundo, koma nthawi yake sinakwane. N'zoona kuti kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 ambiri amalembedwa m'Chingerezi. Komabe luso lolumikiza malembo n'kutulutsa mawu munthu amaliphunzira kamodzi kokha, ndipo limaphunzirika msanga m'chinenero chomwe akuchimva. Akalipeza m'Chichewa apita nalo ku Chingerezi. Mukayamba ndi Chingerezi mwamusenzetsa mitolo iwiri nthawi imodzi, wa malembo ndi wa matanthauzo, pomwe umodzi womwe ukumulemera kale. Kuonjezera apo, kalembedwe ka Chingerezi n'kosakhazikika. Lembo "a" limamveka mosiyana mu cat, cake ndi call, "o" wa mu go si wa mu do, "c" wa mu cat si wa mu city. Mwana yemwe sanakhulupirirebe kuti malembo ali ndi dongosolo, mukamuponya m'menemo abwerera ku kuloweza. Kunyumba yankhulani naye Chichewa chakuya, cha miyambi ndi mafunso, chimupatsa zambiri kuposa timawu tochepa ta Chingerezi tobwerezabwereza. Chingerezicho pakadali pano chizilowa ndi kukhutu: mayina a zinthu za pakhomo ndi pamsika, moni, timafunso tating'ono, ndi mapulogalamu a maphunziro a pawailesi monga Tikwere akamaulutsidwa. Akadzayamba kuwerenga ndime ya Chichewa mosadodoma, pamenepo mutsegule buku la Chingerezi, ndipo mudzaona kuti sizidzatenga nthawi ngati poyamba. Kwa owerenga omwe kunyumba kwawo amayankhula Chiyawo, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena, nthano ndi kufotokozera matanthauzo zichitike m'chinenero cha pakhomocho, musachitaye.

Pati taimu musalipire musanakaone. Pitani mukakhale kumbuyo mphindi khumi. Mukapeza ana 40 akubwereza pamodzi zomwe aphunzitsi akunena, dziwani kuti mukugula matenda omwe mwana ali nawo kale. Mukapeza kagulu ka ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense akuwerenga payekha aphunzitsi akumvetsera ndi kukonza, imeneyo ndi ndalama yopita pabwino. Apo ayi, ndalamayo ndi bwino igule makope, mapensulo ndi kanyali ka sola. Mwana wanu woyamba ngati amawerenga bwino atha kukuthandizani masiku omwe mwatanganidwa, koma mumuonetse kaye momwe mumachitira, makamaka kudikira kuja, chifukwa ana okulirapo amafulumira kunena yankho ndi kunyoza.

Pali zina zoti muziyang'anitsitsa zomwe si za m'buku. Kodi amamva bwino? Mwana yemwe khutu lake limatuluka mafinya kawirikawiri samva bwino kusiyana kwa "p" ndi "ph", ndipo m'kalasi yaphokoso amangotsatira anzake. Muitaneni motsitsa mawu muli kumbuyo kwake muone ngati atembenuka. Kodi buku amaliyandikiza kwambiri kumaso, kapena amatsinzinira poyang'ana kutali? Mukakayika pa ziwirizi, pitani naye kuchipatala akamupime. Werenganinso masiku omwe amajomba chifukwa cha malungo, tsiku la msika kapena ntchito za kumunda, pakuti mu Sitandade 1 ndi 2 kujomba sabata ziwiri ndi kuphonya malembo angapo omwe palibe adzabwerere kukamuphunzitsa. Ndipo asamapite kusukulu ndi njala. Sukulu zina zimapereka phala, monga zomwe zimathandizidwa ndi Mary's Meals, koma komwe kulibe, ngakhale mbatata ya dzulo ndi yabwino kuposa m'mimba mopanda kanthu.

Ngati mwachita zonsezi mokhulupirika kwa teremu yathunthu, makutu ndi maso zili bwino, koma maliwu omwe waphunzira lero mawa waiwala, ndipo ngakhale pakamwa pokha akulephera kudula mawu m'maphatikizo kapena kunena liwu loyamba la "mutu", n'kutheka kuti ali ndi vuto lomwe akatswiri amalitcha dyslexia. Si ufiti, si kupusa, ndipo ana otere amaphunzira kuwerenga, kungoti amafuna nthawi yochuluka ndi kubwereza kwambiri. Dziko lino lili ndi aphunzitsi a maphunziro apadera omwe amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Auzeni ahedi, ndipo ngati pasukulupo palibe mphunzitsi wotero, pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi la dera lanu, mukaonane ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'deralo, akuuzani komwe ali.

Koma musadikire teremu ithe kuti mukaonane ndi aphunzitsi ake. Pitani sabata ino, mutangomaliza kumuyesa ndi timakatoni tija, ndipo musakanene kuti "mwana wanga sakhoza", zimenezo akuzidziwa kale. Mukanene chenicheni chomwe mwapeza, monga, "Aphunzitsi, malembo a liwu akuwatchula m'Chingerezi, ndipo maphatikizo a nkh ndi mph sakuwatha." Mphunzitsi akamva zimenezi amadziwa pogwira, komanso amadziwa kuti kunyumba kuli munthu yemwe akutsata. Apempheni amukhazike kutsogolo, azimupatsa mpata wowerenga payekha ngakhale mzere umodzi pa tsiku, ndiponso azimubwereka buku la Chichewa Lachisanu kuti libwerere Lolemba. Popeza watsalira, pemphani la Sitandade 1 kapena 2, osati la Sitandade 3 lomwe analoweza kale. Mulikutire ndi pepala kapena pulasitiki, ndipo Lolembalo libwereredi, kuti sabata yotsatira asadzakane kumubwerekanso.